Dzanja la Bambo Anga pa Khoma la Hotela

Zaka makumi anayi, mumsika wa ku Matosinhos,
bambo anga Abílio Ferraz ankalemba mitengo ya nsomba
pa zidutswa za makatoni,
zala zitauma gwa ndi madzi oundana.
Sankadziwa kuti amalemba mokongola.
Ankangofuna kuti mayi wa kumapeto kwa mzere
aone mtengo asanatsegule kachikwama.

Ine Graciete, chitsirizira chawo,
ndinatolera makatoniwo, mazana awiri ndi mphambu zisanu,
ena mamba akadali kakaka,
n'kumawagoneka pagalasi la makina ojambulira
limodzilimodzi, ngati ana kusikelo.

Kompyuta imafuna chilembo chimodzi pa batani limodzi.
Koma bambo analibe a wamtundu umodzi.
Wa Lachiwiri m'mawa anali woongoka, wosamba bwino.
Wa Loweruka masana ankagwera kutsogolo
ngati munthu wothamangira basi yomaliza.
Ndinasunga atatu kuti azilandizana,
wowerenga asagwire bodza msanga.

S wawo ankapindika ngati mkunga m'chidebe.
Kamchira ka pansi pa ç kanali mbedza yeniyeni.
Kafunde ka pamwamba pa ã sindinakakhudze,
kanabwera kale ndi mchere wake.

Koma k, w ndi y sanalembepo pakatoni chibadwire.
Nsomba zathu sizidziwa zilembo zimenezo.
Ndinachita kuwabera, mwendo kwa r, phewa kwa h,
n'kumalumikiza usiku, khofi atazizira,
mtima uli phaphapha
ngati ndikusaina cheke m'dzina la munthu wina.

Miyezi isanu ndinkakankha zilembo pang'onopang'ono
kuti mchira wa e ugwire n pamkono,
kuti t asaponde o chala.
Bambo ankachita zimenezi akubweza chenji,
akukangana ndi Dona Albertina za mpira.

Lero aliyense wolipira mayuro makumi atatu
atha kulemba ndi dzanja la bambo anga.
Ndaliona pa botolo la vinyo,
pa makadi a ukwati wa anthu a chinenero china,
pa pepala lokulungira sopo wa anthu olemera.
Wina anadzaza nalo tsamba lathunthu
n'kundilembera kudandaula kuti maso akumuwawa.
Ndinamuyankha kuti zilembo zotere si za ulendo wautali.
Zimafuna mawu awiri kapena atatu, akuluakulu,
monga mfuu ya pamsika.
Ndani angafuule buku lonse?

Lamlungu lina ndinawakankha pa njinga ya olumala
kutsika nawo ku mtsinje wa Douro,
kumene hotela yatsopano yakhoma dzina lake
m'zilembo zamkuwa zotalika kuposa chitseko.
Dzanja lawo lamanja linali pamwendo, phee,
monga lakhalira chiwagwireni sitiroko.

Anayang'ana nthawi yaitali.
Alendo ankatidutsa ndi masutikesi a mateyala.

"G uyo," anatero, lilime likulemera,
"ndi wa sabata imene mayi ako anagonekedwa m'chipatala.
Taona m'mene walendewera."

Ine ndinamusankha g ameneyo chifukwa cha kukongola.
Sindinawauze.

Kenaka analoza ndi dzanja lamanzere
kachikwangwani ka pakhomo ka m'chinenero cha alendo.
"Nanga uyu ndi wa yani?"
"W ameneyo ndi wanga, bambo."
"Waima ngati munthu amene sanatumbulepo nsomba."

Anaseka mbali imodzi ya pakamwa,
ine n'kuwapukuta malovu ndi mpango.
Dzuwa linkamenya mkuwawo,
mthunzi wa zilembo zawo n'kugwera pa mawondo awo omwe.

Tikutembenuka anagwira teyala kuti ndiime.
Anayang'ananso khomalo, kuyambira pamwamba mpaka pansi,
maso akufunafuna.

"Graciete," anatero,
"mtengo alemba pati?"